Kodi "must be in the ward" ndi lamulo kapena n'kungoganiza?

Namwino wa ku Blantyre:
Moni nonse pagulu pano. Ndikukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS ndipo pali kanthu kamene kakundizunguza mutu. M'buku limene ndikuwerenga muli ziganizo ziwiri zotsatana. Choyamba chikuti "She must be in the ward." Chachiwiri chikuti "She must be in the ward by seven." Bukulo likuti choyambacho munthu akungoganiza, chachiwiricho akulamula. Komatu mawu ake ndi omwewo, angowonjezerapo "by seven" basi. Timawu tiwiri timeneti tingatembenuze bwanji tanthauzo la must? Funso lina n'lakuti, bwanji sitinena "She must in the ward"? Must si mneni kale? Nanga be akudzatani pamenepo? Aphunzitsi amene muli muno tithandizeni.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Zikomo anamwino. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lofewa.

Mawu amene timawatcha ma modal alipo 9: can, could, may, might, must, shall, should, will ndi would. Ndi aneni ndithu, koma sanena chochitika. Amanena mmene woyankhulayo akuchionera chochitikacho, kaya n'chotheka, n'chololedwa, n'chokakamiza kapena n'chokayikitsa. Chochitikacho chimanenedwa ndi mneni wina wobwera pambuyo pake, ndipo mneniyo amabwera wosavala kanthu: wopanda to kutsogolo, wopanda s, ed kapena ing kumapeto. Tsono "in the ward" ndi kapandamneni woyamba ndi mperekezi, mulibe mneni mmenemo. Mukagundanitsa must ndi in the ward ndiye kuti chiganizo chanu chilibe chochitika. Pakatipo payenera kulowa be, stay, wait, sleep kapena mneni wina aliyense.

Ndipotu si zachilendo kwa ife. Kodi alipo amene amati "ayenera m'wodi"? Timati "ayenera kukhala m'wodi", "ayenera kudikira m'wodi". Kukhala ameneyo ndiye be wanuyo.

Namwino wa ku Blantyre:
Apo ndamva aphunzitsi. Nanga loyambalo?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Pa loyambalo Chichewa chathu ndicho chimalongosola bwino kuposa Chingerezi. Taonani. Mwafika pachipatala, mukufuna mnzanu, mwaona chikwama chake chili pampando koma mwini wake kulibe. Mumati "ayenera kuti ali m'wodi". Simukumulamula, mwangoona zizindikiro n'kutsimikiza mumtima. Koma akuluakulu anu akamagawa ntchito amati "ayenera kukhala m'wodi pofika 7 koloko". Ife tili ndi njira ziwiri, "ayenera kuti ali" ndi "ayenera kukhala". Mngerezi ali ndi njira imodzi yokha, must be, ndiye womvera amadalira mawu otsatirawo kuti adziwe chimene chikunenedwa.

"By seven" akuloza kutsogolo, akuika malire a nthawi imene sinafike. Must woganizira uja amakonda zinthu zimene zilipo panopa, chifukwa umaganizira kuchokera pa zimene waona. Choncho mukangoika malire a kutsogolo, khutu la womvera limathamangira ku lamulo. Tsopano chotsani seven muike now: "She must be in the ward by now." Labwereranso ku kuganiza, ndiye kuti pofika pano ayenera kuti wafika m'wodi. Mperekezi ndi yemweyo, by, koma dzina limene akuliperekeza lasintha nthawi.

Wosamalira okalamba ku Leeds:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezereko pang'ono achemwali, kuopa kuti mungatenge za m'bukuzo ngati zosasinthika. Chiganizo choyambacho chikhoza kukhalanso lamulo popanda by seven. Kuno kuntchito bwana akapeza gogo wina wakhala pakhonde kukuzizira amatha kunena kuti "She must be in her room, not out here." Palibe nthawi imene yatchulidwa koma aliyense akumva kuti ndi lamulo. Ndiye nthawi imathandiza, inde, koma malo amene mawuwo akunenedwera ndi mmene munthuyo wakwezera mawu ndi zimene zimamaliza nkhani.

Chinanso, azungu akuno must wolamula samugwiritsa ntchito kwambiri poyankhulana maso ndi maso. Amamveka waukali. Mumamuona pazikwangwani ndi m'makalata. Pakamwa amakonda "You need to be on the floor by seven" kapena "You have to be in by seven". Must amene ndimamumva tsiku ndi tsiku ndi woganizira uja: "He must be on his break", "It must be in the office", "You must be from Africa".

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
N'zoona zimenezo mayi, sindikutsutsa. Buku limapereka chiganizo chili chokhachokha, pomwe pamoyo chiganizo chimabwera ndi nkhope ya munthu.

Mtsikana wa Fomu 4:
Pepani kulowerera akuluakulu. Ine by ndi until zimandisokoneza. "You must be at school by three" ndi "You must be at school until three" si chimodzimodzi?

Wosamalira okalamba ku Leeds:
Ayi mng'ono wanga, n'zosiyana kutalitali, ndipo kuntchito ukasokoneza ziwirizi ukhoza kuchoka nthawi imene umayenera kufika. By three ndiye kuti 3 koloko ikamakwana ukhale utafika. Ukhoza kufika 1 koloko, ukhoza kufika 2 koloko, bola isapitirire 3. Until three ndiye kuti uli kale pasukulupo ndipo usachoke mpaka 3 itakwana. By ndi pofika, until ndi mpaka. Ndiye taona aneni amene amayenda nawo. By amakonda zinthu zochitika kamodzi n'kutha: "You should finish by three", "You must pay by Friday". Until amakonda zinthu zopitirira: "You can stay until three", "You should wait until Friday". Sunganene "You must pay until Friday" pokhapokha ngati ukutanthauza kuti munthuyo azingolipira tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Be ndiye amalola onse awiri, n'chifukwa chake wakusokoneza.

Mtsikana wa Fomu 4:
Zikomo kwambiri achemwali, ndalemba m'kope.

Mmisiri wa ku Cape Town:
Ine ndili ndi funso kwa aphunzitsi pa zija mwanena kuti modal sangagundane ndi mperekezi. Kuno anzathu oyankhula Afrikaans akamaweruka amati "Ek moet huis toe." Moet ndi must, huis toe ndi kunyumba. Mulibe mneni wa kupita mmenemo koma aliyense amamva. Poti zinenero ziwirizi amati n'zapachibale, Chingerezi chinasiyana nazo pati?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Funso labwino kwabasi achimwene. Chingerezi nachonso chinkatero kale. Chijeremani mpaka lero chimati "Ich muss nach Hause", Chidatchi chimati "Ik moet naar huis", ndipo Afrikaans anachokera ku Chidatchi. M'Chingerezi cha nthawi ya Shakespeare, cha m'ma 1600, munthu ankatha kusiya go ngati mperekezi akusonyeza kale kumene akulowera. M'sewero lake la Hamlet, mnyamata wotchedwa Hamlet pouza mayi ake za ulendo wake akuti "I must to England." Palibe go. To yekhayo ndiye wanyamula ulendo wonse. M'kupita kwa zaka kayankhulidwe kameneka kanafa, kanangotsala m'mawu ochepa okhazikika monga "The truth will out", kutanthauza kuti choonadi chidzaululika ndithu.

Tsono ana asukulu amene mukuwerenga mabuku akalewa chenjerani. Mukakumana nazo zimenezi muzimve, koma musakazilembe pa chimangirizo cha mayeso a MANEB. Wochonga adzangoona kuti mwasiya mneni.

Wosamalira okalamba ku Leeds:
Komabe aphunzitsi, ilipo nthawi imene modal amagundana ndi mperekezi m'Chingerezi cha lero lomwe, ndipo ndimaimva pafupifupi sabata iliyonse tikamasinthana mashifiti. Wina amafunsa "Can you cover for me on Monday?" Mnzake amayankha "I can't on Monday, but I can on Tuesday." Can kenako on, popanda chilichonse pakati. Ameneyu si Shakespeare, ndi mayi wa ku Yorkshire ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Eya, koma pamenepo mneni alipo, wangobisala. Wanenedwa kale m'funso, cover, ndiye woyankha saona chifukwa chomubwerezera. "I can cover for you on Tuesday" ndiye chiganizo chonse. Yesani kulowa m'chipinda n'kuyamba nkhani ndi "I can on Tuesday" popanda amene wakufunsani kanthu, onse adzakufunsani kuti mungathe chiyani. Pomwe Hamlet uja sanadalire funso la munthu. Ndiye lamulo lija lilipobe: mneni ayenera kupezeka, kaya m'chiganizo chomwecho kaya m'chimene changonenedwa kumene.

Wosamalira okalamba ku Leeds:
Apo tagwirizana. Ndimangofuna kuti anamwino asakadabwe akakazimva pa gawo lomvetsera la mayeso a IELTS aja.

Namwino wa ku Blantyre:
Ndathokoza nonse awiri. Ndiye ndifunsenso. Ngati "She must be in the ward" ndi kuganiza, ndikafuna kukana ndinena "She must not be in the ward"?

Wogulitsa mankhwala ku Lilongwe:
Apa ndiye pamene pamagwa anthu ambiri achemwali, ndipo kwa ife a zamankhwala si nkhani yamasewera. M'Chingerezi cha ku Britain, chimene ambirife tinaphunzira kusukulu, kukana kwa must woganizira ndi can't. "She can't be in the ward, I have just come from there." Sizingatheke kuti ali m'wodi. Mukanena "She must not be in the ward" ambiri amva kuti mukuletsa, asapezeke m'wodi. Aku America amatha kunena must not poganizira, ndiye mukamaonera mafilimu awo muzimva, koma pamayeso ndi pantchito gwiritsani can't kuti pasakhale chisokonezo.

Ndiye pali kukana kwachitatu kumene kumasiyananso. "You must not be at work on Sunday" ndi chiletso, musapezekeko. "You don't have to be at work on Sunday" kapena "You needn't be at work on Sunday" ndi ufulu, sikofunika kuti mubwere koma mukafuna bwerani. Must mmodzi, kukana kutatu.

Poti mwandiputa, ndipitirize ndi timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, chifukwa mmenemo ndi mmene nkhani yanuyi yadzaza. Tengani kapepala kalikonse muwerenge. "Should be taken with food." "Must not be taken with alcohol." "May be taken with or without food." "Should be kept out of the reach of children." "Should not be used after the expiry date." Chilichonse ndi modal, kenako be, kenako mneni, kenako mperekezi ndi dzina lake. Modal akukuuzani kulimba kwa langizolo, mperekezi akukuuzani nthawi kapena chinthu chimene langizolo likukhudza. Mukaphonya chimodzi mwaphonya zonse. LA wa malungo uja timauza anthu kuti amwe atadya kapena ndi mkaka chifukwa mankhwalawo amalowa bwino m'thupi pakakhala chakudya cha mafuta. Flagyl timaletsa mowa. Woyambayo ndi with, wachiwiriyo ndi not with, ndipo munthu wowerenga mothamanga amangoona with m'malo onse awiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi may. Pakapepala kamodzi komweko mupeza "may be taken at bedtime" ndi "may cause drowsiness in some patients". Woyambayo ndi chilolezo, mukhoza kumwa pogona. Wachiwiriyo si chilolezo ayi, ndi chenjezo, mwina akhoza kukugonetsani tulo. Ndimakumana ndi anthu ophunzira bwino amene amawerenga may aliyense ngati mwina, ndiye amaganiza kuti opanga mankhwalawo akukayikira nthawi yomwera. Sakukayika, akukupatsani mwayi wosankha.

Namwino wa ku Blantyre:
Zimenezi ndimaziwerenga tsiku lililonse koma sindinaziikepo pamodzi chonchi. Zikomo achimwene.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Ine vuto langa si ma modal, ndi aperekeziwo. Ndikafuna kunena kuti mawa ndidzakhala ku Lilongwe, mutu umandipatsa "I will be to Lilongwe". Ndikudziwa kuti sizili bwino koma sindidziwa chifukwa chake.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Chifukwa chake ndi ku wathuyu, mwana wanga. Timati "ndikupita ku Lilongwe", "ndili ku Lilongwe", "ndikuchokera ku Lilongwe". Ku ndi mmodzi yemweyo, mneni ndiye amasonyeza ngati ukupita, ulipo kapena ukuchokako. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi kwa aperekezi: to popita, in kapena at ukakhala uli komweko, from pochokera. Ndiye ana ambiri anaphunzira ku Sitandade 3 kuti ku ndi to, n'kumangomuika paliponse.

Chofunika kugwira ndi ichi: amene amasankha mperekezi si modal, ndi mneni amene ali pakatiyo. Will, must, should, onsewo alibe nazo ntchito. Ukati go, akubwera ndi to: "I will go to Lilongwe." Ukati be, akubwera ndi in: "I will be in Lilongwe." Ukati arrive, ndi in pa mzinda ndi at pa malo ang'ono: "We should arrive in Lilongwe by noon", "We should arrive at the depot by noon". Ukati reach, safuna mperekezi aliyense: "We should reach Lilongwe by noon." Sintha modal mmene ungafunire, might, could, must, aperekeziwo sasuntha. Choncho ukakayika, chotsa modal uone ngati chotsalacho chikumveka. "I am to Lilongwe" sichimveka, ndiye "I will be to Lilongwe" sichingamvekenso.

Mmisiri wa ku Cape Town:
Nanga "He must have been to Johannesburg"? Ndamvapo anthu akutero, ndipo been ndi be yemweyo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Mwakumba pabwino. Pamenepo pokha ndi pamene be amalola to wa ulendo, akakhala been pambuyo pa have. "He must have been to Johannesburg" ndiye kuti ayenera kuti anapitako nthawi ina pamoyo wake n'kubwerako, mwina mwamumva akutchula misewu ya kumeneko ngati kwawo. "He must have been in Johannesburg" ndiye kuti pa nthawi imene mukukambayo ayenera kuti anali kumeneko, n'chifukwa chake sanaoneke pamaliro. Woyambayo akunena za kudziwa malo, wachiwiriyo akunena za kumene munthu anali tsiku lakutilakuti.

Onaninso kuti nthawi yakale imalekanitsa matanthauzo awiri aja amene anamwino anayamba nawo. Kuganiza kumakhala "must have been in the ward". Lamulo limakhala "had to be in the ward". Must wolamula alibe nthawi yakale yakeyake, amabwereka had to.

Kalaliki wa kukhoti:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndikufuna ndionetse mbali ina imene sinatchulidwe. M'zolemba za malamulo kapandamneni uja amalowa pakati penipeni pa modal ndi mneni wake, atatchingidwa ndi makoma uku ndi uku. Zimenezi zimasokoneza anthu ambiri amene amabwera ndi mapepala kuti tiwathandize kuwerenga. Chitsanzo chili m'Malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994, gawo 42, pamene akunena za munthu womangidwa. Akuti munthuyo "shall, in addition to the rights which he or she has as a detained person, have the right", kenako n'kuyamba kutchula maufuluwo, kuphatikizapo uja wotengeredwa kukhoti pasanathe maola 48. Taonani mtunda umene uli pakati pa shall ndi have. Munthu wosazolowera akafika pa have amakhala ataiwala kale kuti kumbuyo kunali shall.

Makalata a lendi, a ngongole ndi a ntchito ndi chimodzimodzi. "The tenant shall, within fourteen days, pay." "The employer may, at any time, terminate." Ine ndimauza anthu kuti atseke ndi chala zonse zimene zili pakati pa makomawo, awerenge modal ndi mneni wake kaye: shall pay, may terminate. Akamva amene ayenera kuchita chiyani, achotse chala aone nthawi ndi zifukwa. Ndipo asanyoze kusiyana kwa shall ndi may. M'malamulo shall kawirikawiri amakakamiza, may amapereka mphamvu yosankha. Munthu amasaina pepala lolembedwa kuti kampani "may, at its discretion, pay a bonus" n'kumayembekezera ndalama ngati walonjezedwa, pomwe pepalalo langonena kuti akafuna adzapereka. Zimandipweteka mtima chifukwa amene amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri ndi anthu ovutika kale.

Within nayenso muzimuyang'anitsitsa. "You must reply within seven days" ndi tsiku lililonse masiku 7 asanathe. "I will reply in seven days" ambiri amamva kuti yankho lidzabwera masikuwo akadzatha.

Mtsikana wa Fomu 4:
Bambo, pa mapepala akale a mayeso ndinaona funso loti timalize chiganizo choyamba ndi "Under no circumstances". Yankho lake linali "should you open the door". Bwanji should wabwera kutsogolo kwa you ngati funso?

Kalaliki wa kukhoti:
Si funso mwana wanga. Kapandamneni wokana akatsogola m'chiganizo, modal amadumpha mwininkhani n'kukhala patsogolo pake. "Under no circumstances should you open the door." "On no account must the gate be left open." "At no time may visitors enter." Chimene chikuchititsa ndi no ali mkatimo. Ukachotsa no zinthu zimabwerera m'malo mwake: "Under these circumstances you should open the door." Ndipo usawonjezere not wina, chifukwa no uja wakana kale. Ndi kalembedwe ka pazikwangwani ndi m'makalata a boma, sumva anthu akucheza chonchi pamsika.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Koma akuluakulu, ndinene maganizo anga. Nthawi zina timadzizunza ndi Chingerezi cha eni ake. Pawailesi, kutchalitchi, ngakhale m'misonkhano ya akuluakulu timamva "we should discuss about this issue", "you can be able to apply", "I will pick you at the stage". Aliyense amamva. Ku Nigeria ali ndi Chingerezi chawo, ku India chawo. Ifenso bwanji osangovomereza kuti ichi ndi chathu?

Mmisiri wa ku Cape Town:
"Can be able to" kunonso ndi yodzaza, achimwene. Palibe amene amadabwa nayo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Sindinyoza munthu woyankhula choncho, ndipo sindinalolepo mwana kuseka mnzake m'kalasi chifukwa cha zimenezi. Chinenero chikafika pamalo chimatenga fungo la pamalopo. Koma ine ndinaphunzitsa ana amene tsogolo lawo limadalira pepala, ndipo Chingerezi ukalephera pa MSCE satifiketi supata ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji. Wochonga akaona "discuss about" amadula. Discuss safuna mperekezi, talk ndiye amafuna about. Akaona "can be able to" amadula, chifukwa can ndi be able to akunena chinthu chimodzi. Be able to alipo kuti athandize pamene can sangalowe, monga pambuyo pa modal mnzake: "will be able to", "should be able to", "might be able to", poti ma modal awiri satsatana. Ndiye mwana ndimamuuza kuti adziwe zonse ziwiri, ndipo adziwe pamene chilichonse chikuyenera. Kumubisira zimenezi m'dzina loti Chingerezi chathu n'chathu ndi kumulakwira, chifukwa amene adzalipire ndi iyeyo, osati ine.

Mnyamata wa ku Mzuzu:
Za mayeso ndavomera aphunzitsi. Koma ndikuonabe kuti tsiku lina zimenezi zidzalowa m'mabuku.

Wosamalira okalamba ku Leeds:
Mwina zidzalowa achimwene, koma "pick you at the stage" ija kuno imasokonezadi. Pick yekha amamva ngati kusankha kapena kuthyola chipatso. Amati "I can pick you up at the bus stop." Up ameneyo si wokongoletsa.

Ndipo eni akewo ali ndi zawo zimene sungazipeze pongodziwa liwu lililonse palokha. Gogo wina akakuuza kuti "I could do with a cup of tea" sakunena kuti angathe kuchita kanthu ndi tiyi. Akupempha tiyi mwaulemu, akuti tiyi angamuthandize. "I can't do without my glasses" ndiye kuti popanda magalasi zake sizingayende. "I'll be with you in a minute" ndiye kuti dikirani pang'ono ndikubwera, osati ndikhala nanu kwa mphindi imodzi, imeneyo ikanakhala for a minute. "The doctor should be with you shortly" si kudzudzula dokotala kuti akuyenera kukhala nanu, ndi kukulimbitsani mtima kuti afika posachedwa. Koma akangoti "He should have been here by now" ndiye kuti munthu wachedwa ndipo ayamba kuda nkhawa kapena kukwiya. Zimenezi ndinazigwira pomvetsera, ndipo ndikuona kuti njira yake ndi kuziloweza zathunthu ngati mmene timalowezera miyambi, osaziphwanya.

Chomaliza kwa anamwino, musaope kusiya mperekezi kumapeto kwa funso. "Who should I speak to?" "Which ward will she be in?" "What can I help you with?" Ena tinaphunzitsidwa kuti chiganizo sichitha ndi mperekezi, koma kuno ndi mmene aliyense amayankhulira. "To whom should I speak?" ndi yolondola, koma ndi ya m'kalata.

Mtsikana wa Fomu 4:
Ndayesa kupanga zanga, mundionereko. "Candidates must be in the hall by eight." "The teacher can't be in the staffroom, it is locked." "We might not arrive on time to catch the bus."

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Ziwiri zoyambazo zili bwino kwambiri, ndipo ndakondwa kuti pachiwiripo waika chifukwa chimene ukuganizira choncho. Chachitatucho sintha on akhale in. On time ndi kufika pa nthawi yeniyeni imene inaikidwa, monga basi yonyamuka 6 koloko ikanyamukadi 6 koloko: "The bus should leave on time." In time ndi kufika mpata ukadalipo woti uchite chimene wadzera, ndipo ndi amene amatsatidwa ndi to kapena for: "We might not arrive in time to catch the bus", "We should be home in time for supper". Upangenso zina zitatu, china chikhale ndi until, china ndi must have been, china chiyambe ndi "On no account", uzitumize pompano tizione.